Kusintha Lamba wa Tayimingi pa Galimoto Yaing'ono Muli Pakhomo

Musanagule kalikonse, tsimikizani kuti injini yanu ili ndi lamba. Toyota Vitz ya injini ya 1SZ kapena 2NZ imayendera tcheni, pomwe Corolla ya 4A-FE ndi Starlet ya 4E-FE zili ndi lamba. Lambayu ndi amene amalumikiza crankshaft (shafti yapansi yozunguzidwa ndi mapisitoni) ndi camshaft (shafti yapamwamba yokankha mavavu) kuti mavavu azitseguka pa nthawi yake. Magalimoto ambiri amafuna watsopano pakati pa makilomita 60,000 ndi 100,000, koma tsatirani buku la galimoto yanu, ndipo dziwani kuti labala amakalamba ngakhale galimoto ili chiimire. Pa injini zina lamba akaduka mukuyenda, mapisitoni amamenya mavavu n'kuwapinda.

Gulani lamba, tensioner (chokungira lamba), ma idler (timawilo tomwe lamba amadutsapo), masilo (timphete ta labala totchinga oyilo) a camshaft ndi crankshaft, ndi pampu ya madzi ngati imazunguliridwa ndi lamba yemweyu. Kuumira pa tensioner n'kulakwa kwakukulu: belingi yake ikagwira, lamba watsopanoyo aduka basi.

Chotsani waya wa negetivu pa batire. Kwezani galimoto, ikhale pa masitandi, osati pa jeke yokha. Chotsani tayala la mbali imene kuli malamba, lamba wa olitaneta, ndi mapulagi kuti injini izizungulira mosalimba. Ngati mauntini (chogwirizira injini ku galimoto) ikutchinga, gwirizizani injini ndi jeke pansi pa sampu (chosungira oyilo kunsi kwa injini), mutaika thabwa pakati, kenako masulani mauntiniyo.

Bawuti ya pule (wilo loyendetsa malamba) ya crankshaft ndi yolimba kwambiri. Imasuleni lamba wakale adakalipo, mutagwira puleyo ndi chogwirira chake, kapena mutalowetsa giya yaikulu wina ataponda mabuleki. Musagwire camshaft kuti mumasulire, mudzasosola mano a lamba.

Tsopano pafika pamene ntchito yonse yagona. Chotsani zivindikiro za lamba, zunguzani crankshaft ndi sipanala mpaka chizindikiro chake ndi cha camshaft zayang'anana ndi zizindikiro za pa injini. Injini zambiri zimazungulira ngati wotchi, koma za Honda zakale, monga injini za mtundu wa D ndi B, zimabwerera kumanzere. Camshaft imazungulira kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri, choncho chizindikiro chapansi chikalondola koma chapamwamba ayi, zunguzaninso kamodzi. Lembani penti yoyera pa dzino limodzi la lamba ndi pa giya imene lambayo wakolapo, pamwamba ndi pansi pomwe. Mukavula lambayo, werengani mano pakati pa madontho awiriwo, mukopere pa watsopano. Mphindi zochepa zimenezi zimakupulumutsani ku kukayikakayika.

Masulani tensioner, vulani lamba, ndipo kuyambira apa musazunguze shafti iliyonse. Sinthani masilo ndi pampu, pukutani oyilo yense, chifukwa oyilo amafewetsa labala. Lamba watsopano musamupinde mwamphamvu kapena kumukankha ndi sikuludiraiva. Ngati ali ndi mivi, iloze kumene injini imazungulira. Yambani kumuveka pa crankshaft, mukokere mbali yopanda tensioner kuti ikungike, kulekera konse kutsalire ku tensioner. Tensioner ya hayidiroliki ifinyeni pang'onopang'ono pa vayisi, muitseke ndi kapini, ndipo kapiniko muchotse lamba atakhazikika.

Lamba watsopano atakhazikika, zunguzani crankshaft ndi manja kawiri kathunthu, muonenso zizindikiro. Ikakana kuzungulira, lekani pomwepo, musaikakamize: pisitoni yagunda vavu, vulani lamba muyambirenso. Dzino limodzi lokha likaphonya, injini imalira koma imanjenjemera ndipo ilibe mphamvu. Lamba wokungitsa amalira mluzu ndipo amadya mabelingi a pampu, wolekera amadumpha mano.

Mangani mabawuti ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) malinga ndi manambala a m'buku, makamaka ya crankshaft. Thirani madzi mu rediyeta, tulutsani mpweya, lizani injini mpaka fani itazungulira, muone ngati pali podontha. Lembani tsiku ndi makilomita pa chivindikiro cha lamba.