Momwe mungachepetsere kuyabwa ndi kuuma kwa khungu ngati muli pa dialysis

Odwala impso amene amakasefedwa magazi pa makina (dialysis) ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre vutoli amalidziwa bwino. Kukada, msana umayamba kuyabwa, munthu n'kumadzikhula pakhoma, pofika m'mawa miyendo ili mbuu, mikwingwirima ya zikhadabo yokhayokha. Ambiri sanena kuchipatala poganiza kuti n'zazing'ono. Ine ndikuti nenani, chifukwa munthu wosagona amafooka, ndipo bala lokanda ndi khomo la majeremusi.

Kuyabwaku kumachokera mkati ndi kunja komwe. Impso zikasiya kugwira ntchito, zoipa zimatsalira m'magazi, kuphatikizapo mchere wa phosphorus umene makina sauchotsa wonse. Khungu nalo limachepetsa thukuta ndi mafuta ake, n'kuyamba kuthetheka.

Yambirani kubafa. Sambani madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ngakhale m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndipo musachedwemo. Chinkhupule ndi mwala wokhulira zisiyeni. Sopo wochapira zovala, wonunkhira kwambiri kapena wopha majeremusi amaumitsa khungu. Sankhani sopo wofatsa, mupake m'khwapa ndi malo obisika basi. Mukatha musadzipukute mokhula, ingogunditsani thaulo.

Kenako dzolani khungu lisanaume, apa mpamene pagona nkhani. Vaseline wamba, glycerine kapena emulsifying ointment ya ku famase zimatsekera chinyezi mkati. Muzidzola kawiri pa tsiku, makamaka pokagona. Kumsana dzanja silifika, ndiye gadiyani athandize. Pamalo pobaya singano pa fistula (mtsempha wa pamkono umene madokotala analumikiza kuti magazi azidzera popita ku makina) musapakepo mafuta tsiku lokasefedwa magazi, ndipo pozungulira kapaipi ka pakhosi kapena pachifuwa pasanyowe, pasadzoledwe chilichonse.

Kuyabwa kukabwera, nyowetsani kansalu m'madzi ozizira n'kuika pamenepo, kapena sindikizani ndi chikhatho m'malo mokanda. Zikhadabo muziwenga, zovala ndi zofunda zikhale za thonje.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimachitika chifukwa cha chikondi. Achibale akaona khungu latuwa amati imwani madzi ambiri. Kwa munthu wa dialysis zimenezi n'zoopsa, madziwo amakadzaza m'mapapo. Musapyole muyeso umene munapatsidwa.

Tsopano za m'mbale. Phosphorus amachuluka mu mkaka, chambiko, mtedza ndi nsinjiro, nyemba, usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga, soseji, poloni ndi zakumwa zakuda za cola. N'zowawa, poti zambiri mwa izi ndiye ndiwo zathu za tsiku ndi tsiku, komanso thupi lanu likufunabe zakudya zomanga thupi. Choncho musangosiya zonse mwa inu nokha. Khalani pansi ndi anamwino kapena a zakadyedwe akuuzeni muyeso wake. Ngati munapatsidwa mapiritsi ogwira phosphorus wa m'chakudya kuti asalowe m'magazi, monga calcium carbonate, muzimwa pomwe mukudya. Mukamwa patapita maola, chakudya chadutsa kale. Tsiku la dialysis musalidumphe, ndipo musapemphe kuchotsedwa pa makina nthawi isanakwane.

Zikapitirira, pemphani dokotala ayeze phosphorus, calcium ndi PTH (homoni yoyendetsa michere iwiriyi m'thupi) m'magazi, aonenso khungulo, chifukwa mwina ndi mphere, makamaka ngati enanso pakhomo akudzikanda. Piriton nthawi zambiri amangogonetsa, kuyabwa kwa impso sakuthetsa kwenikweni. Madokotala amatha kupereka gabapentin wochepa kwambiri, womwa mukachoka pa makina. Ameneyu musagule nokha, poti amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye akachuluka amabweretsa chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Mankhwala azitsamba akumwa nawonso apeweni.

Mukaona mafinya, kufiira kapena kutupa pafupi ndi fistula kapena kapaipi, kapena thupi likatentha n'kumanjenjemera, musadikire tsiku lanu la makina. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.