Landilodi akatsitsa lendi kenako n'kusintha mawu, chitani izi

Madandaulo ambiri a lendi amene ndimamva amayamba chonchi: ntchito yatha, landilodi wamva chisoni, wanena kuti muzipereka theka mpaka zinthu zikhale bwino. Pakapita chaka mwakangana pa bilu ya madzi, basi watulutsa kabuku, akuti muli ndi ngongole ya miyezi yonse ija. Ambiri amangolongedza katundu usiku. Zimandiwawa, chifukwa lamulo linawapatsa pogwira.

Maloya amaitcha mfundoyi estoppel. Inachokera m'makhoti a ku England, kumene kunachokeranso malamulo athu ambiri. Munthu akakuuzani chinthu momveka, inu n'kuchitapo kanthu podalira mawu akewo, khoti likhoza kumuletsa kubweza mawuwo ngati kutero kungakhale kukuponderezani.

Mlandu wotchuka pa nkhaniyi ndi wa High Trees, umene Jaji Denning anagamula mu 1946. Kampani ina inabwereka mdadada wa nyumba ku London mu 1937, lendi yake mapaundi 2,500 pa chaka. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka anthu anathawa mumzinda, zipinda zinakhala zopanda anthu, ndipo mu 1940 eni nyumba anavomera kumalandira mapaundi 1,250. Pofika 1945 zipinda zonse zinali zitadzazanso. Denning anati lendi yonse ibwerere, poti chimene anaitsitsira chinali chitatha, koma ananenetsanso kuti eni nyumbawo sakanaloledwa kulonjerera zotsala za zaka za nkhondo.

Choyamba, lonjezo likhale lomveka. "Tidzaona" si lonjezo ayi. Landilodi akanena pakhonde kuti watsitsa lendi, tsiku lomwelo mutumizireni uthenga pa WhatsApp: "Bambo, zikomo kwambiri povomera kuti kuyambira mwezi wa mawa ndizipereka K60,000 m'malo mwa K120,000." Akayankha kuti "chabwino," jambulani uthengawo ndi kuusunganso kwina, chifukwa foni imabedwa. Ngati alibe foni, lembani pa pepala, asayine pali mboni. Ena amachita manyazi, amati kulembetsa mkulu ndi mwano. Ine ndimati kumam'teteza iyenso, chifukwa akadzamwalira odzakufunsani ndi ana ake amene sanamve chilichonse.

Kenako sonyezani kuti munadalira mawuwo. Mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money musafufute, malisiti musataye. Ngati munapeza nyumba yotsika mtengo n'kuikana chifukwa cha lonjezolo, kapena ndalama yotsalayo munalipirira mwana fizi, sungani umboni wake. Landilodi amene walandira theka mwezi ndi mwezi osadandaula, khalidwe lakelo nalonso likhoza kumumanga.

Musam'finye munthu kuti avomere. Pa mlandu wa D & C Builders ndi Rees, amisiri omanga ankafuna mapaundi 482 a ntchito yawo. Mkazi wa Rees, bambo amene anayenera kuwalipirayo, podziwa kuti amisiriwo ali pa mavuto a ndalama, anawauza kuti alandire 300 apo ayi sapeza kanthu. Analandira, kenako anakasuma, ndipo khoti linati apatsidwe zotsalazo. Khoti silithandiza munthu amene anachita kulanda lonjezo.

Dziwaninso malire ake. Mfundoyi ndi chishango, si mkondo: imakutetezani wina akamakulonjererani, koma simungaitenge n'kukasumira munthu amene anangolonjeza kukupatsani ndalama. Mu 1951, pa mlandu wa Combe, mayi wina anayesa kutero kwa mwamuna wake wakale amene anam'lonjeza mapaundi 100 pa chaka, ndipo anagonja. Komanso landilodi ali ndi ufulu wokuuzani pasadakhale kuti kuyambira mwezi wakutiwakuti lendi ibwerera mwakale. Zimenezo musalimbane nazo. Nkhondo yanu ndi ya miyezi imene inadutsa kale.

Inu eni nyumba, mukamatsitsa lendi nenani poyera ngati mwakhululuka theka linalo kapena mwangolisunthira m'tsogolo, ndipo ikani mwezi wothera.

Kalata yolonjerera ikafika, musasiye kulipira zimene munagwirizana. Yankhani polemba, mwaulemu, kutchula tsiku la lonjezo. Akapitiriza, tengani pangano la lendi, mauthenga ndi malisiti, mupite kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osakwanitsa kulipira loya, tsiku la khoti lisanayandikire.