Momwe mungakonzere khadi la mawu la kompyuta yakale kuti nyimbo za magemu a DOS zimveke

Mwapeza kompyuta yakale ya 486 kapena Pentium yoyambirira ija, mwaipukuta fumbi, mwaiyatsa, yayaka. Gemu yatseguka, kamunthu kakuthamanga pa sikirini, koma m'sipika muli zii. Mwina mfuti ikulira koma nyimbo ayi. Mwinanso nyimbo ikumveka bwinobwino, koma mukangowombera kamodzi kompyuta yonse ikuuma gwa. Nthawi zambiri khadi limakhala lilibe vuto. Vuto limakhala manambala atatu omwe sakugwirizana.

Pa DOS, pulogalamu yomwe inkayendetsa makompyutawa Windows isanafale, panalibe wokuchitirani ntchito monga amachitira Windows masiku ano. Gemu iliyonse inkalankhula yokha ndi khadi, ndiye inkayenera kudziwa zinthu zitatu. Choyamba ndi adiresi, khomo lomwe gemu igogodepo, kawirikawiri 220. Chachiwiri ndi IRQ, belu lomwe khadi limaimba pouza purosesa kuti lamaliza zomwe linapatsidwa, libweretsereni zina. Chachitatu ndi DMA, kanjira kachidule komwe mawu amadutsa kuchoka mu memory kupita ku khadi osavutitsa purosesa. Manambala amenewa amakhala m'malo atatu: pa khadi penipenipo, mu fayilo ya AUTOEXEC.BAT yomwe DOS imawerenga kompyuta ikamayaka, ndi mu setup ya gemu. Ntchito yonse ndi kuonetsetsa kuti malo atatuwa akunena chimodzi.

Yambani mwalidziwa khadi lanu

Musanalilowetse, liyang'aneni powala. Makhadi a Creative Labs ali ndi nambala yoyamba ndi CT pakona. CT1320 ndi Sound Blaster yoyambirira ya 1989, CT1350 ndi Sound Blaster 2.0, CT1330 ndi Sound Blaster Pro ya 1991, CT1600 ndi Pro 2, pomwe CT1740 ndi CT2230 ndi a m'banja la Sound Blaster 16 lomwe linayamba mu 1992. Lembani nambalayo papepala, muifuna posachedwa.

Kenako sakani dzina la Yamaha pa tizipangizo takuda tija. Apa ndi pomwe pagona nyimbo. Kampani ya ku Canada ya AdLib inatulutsa khadi lake mu 1987 ndi chip ya Yamaha YM3812, yomwe anthu amangoti OPL2. Chip imeneyi siisewera nyimbo yojambulidwa kale. Imapanga yokha mawu a ng'oma, gitala ndi malipenga pophatikiza mafunde a mawu, njira yotchedwa FM, ndipo imatha kuliza mawu 9 nthawi imodzi. Creative anaika chip yomweyo pa Sound Blaster n'kuwonjezerapo mbali yosewera mawu ojambulidwa. N'chifukwa chake Sound Blaster ili ngati makhadi awiri m'thupi limodzi: mbali ya FM yoimba nyimbo, yomwe imayankhanso pa adiresi 388 monga AdLib ndipo siifuna IRQ kapena DMA, ndi mbali ya mfuti, zitseko ndi mawu a anthu, yomwe imafuna zonse zitatu. Mukamvetsa zimenezi, nyimbo ikamamveka mfuti osamveka mudzadziwa nthawi yomweyo kuti mlandu uli pa IRQ kapena DMA.

Pro 2 ndi Sound Blaster 16 zoyambirira zili ndi Yamaha YMF262, ndiye OPL3, yobwera pambuyo pa OPL2. Pa makhadi ena OPL3 ili mkati mwa chip ya CT1747 yokhala ndi chizindikiro cha OPL pamwamba. Makhadi ambiri apambuyo pake anasiya Yamaha n'kuika chotsanzira cha Creative chotchedwa CQM. Chimaimba ndithu, koma kwa ine mawu ake ndi owuma, ngati lata. Ngati muli ndi mwayi wosankha, tengani lokhala ndi Yamaha yeniyeni. Musanyozenso makhadi otchipa a Yamaha YMF719 kapena ESS AudioDrive ES1868. Amagwira ntchito ngati Sound Blaster Pro ndipo savuta.

Magetsi kaye

Yang'anani kumbuyo kwa power supply. Zambiri zakale zili ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Kompyuta yochokera ku America imabwera ili pa 115, ndipo magetsi athu kuno ndi 230. Mukailumikiza osasintha, mumva phuu, kenako fungo la chinthu chopserera. Tsegulaninso muone batire la pa motherboard. Pa ma 386 ndi 486 ambiri pali batire looneka ngati kamgolo, lomwe likakalamba limadontha n'kudya timizere ta kopa. Mukaona zobiriwira mozungulira, lichotseni musanachite china chilichonse.

Pali kanthu kena komwe kamasokoneza anthu oika power supply yatsopano m'kompyuta yakale. Zatsopano zambiri sizitulutsa -5V, yomwe inkadutsa pa waya woyera. Sound Blaster 16 ilibe nazo ntchito, koma Sound Blaster 2.0 ndi Roland LAPC-I zimaifuna, ndipo popanda iyo sizimveka bwino.

Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, gwirani chitsulo cha kompyuta kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke. Pukutani mano agolide a khadi ndi chofufutira cha pensulo, mopepuka, n'kumaliza ndi kansalu konyowa ndi isopropyl alcohol. Khadi limalowa mu slot ya ISA, yakuda yaitali ija. Zoyera zazifupi ndi PCI. Kankhani mpaka likhale pansi mofanana mbali zonse, mangani sikulu. Ngati malo alipo, litalikitseni ndi khadi la video kuti phokoso la "ziii" lichepe.

Kuika manambala pa khadi

Makhadi akale kwambiri amasinthidwa ndi majampa, tizipewa tapulasitiki tovala pa timapini tiwiritiwiri. Pambali pake pamalembedwa IRQ2, IRQ5, IRQ7 ndi zina zotero, ndipo pomwe pali kachipewa ndi pomwe khadi lili. Ikani adiresi pa 220 ndi DMA pa 1. Pa IRQ sankhani pakati pa 5 ndi 7. Ma Sound Blaster oyambirira ankabwera ali pa 7, apambuyo pake pa 5, chifukwa 7 ndi yomwenso doko la printer, LPT1, limagwiritsa ntchito. Magemu a m'ma 1990 ndi 1991 ena amangoganiza kuti muli pa 7 osafunsa. Ngati magemu anu ndi a zaka zimenezo, ikani 7 ndipo muzimitse doko la printer mu BIOS, menyu ya makonzedwe a kompyuta yomwe mumalowamo ikangoyaka. Ngati ndi a 1993 kupita mtsogolo, 5 ndi yabwino.

Ena, monga CT2230, ali ndi jampa ya adiresi yokha. IRQ ndi DMA zimaikidwa ndi pulogalamu ya DIAGNOSE kompyuta ikamayaka. Apambuyo kwenikweni ndi a Plug and Play, alibe majampa a zimenezi, ndipo pa DOS amakhala ali mtulo mpaka pulogalamu iwadzutse. Ya Creative ndi CTCM. Masiku ano ambiri amakonda UNISOUND, kapulogalamu kakang'ono komwe kamadzutsa makhadi a Plug and Play a makampani osiyanasiyana, kamawerenga manambala omwe mwalemba, n'kutuluka osatsala mu memory.

Ngati khadi ndi la majampa ndipo motherboard ili ndi PCI, lowani mu BIOS, pitani pa PNP/PCI Configuration, ndipo pa IRQ ndi DMA zomwe mwasankha muike Legacy ISA. Mukapanda kutero BIOS ikhoza kupereka IRQ 5 ku khadi la network kapena la USB, awiri n'kumalimbirana belu limodzi.

Mzere wa BLASTER

Pa C:\> lembani EDIT AUTOEXEC.BAT, ndipo kwa Sound Blaster 16 muike mzere uwu, zilembo zazikulu:

SET BLASTER=A220 I5 D1 H5 P330 T6

A ndi adiresi, I ndi IRQ, D ndi DMA ya 8-bit, H ndi DMA ya 16-bit, P ndi adiresi ya MIDI (njira yotumizira manoti a nyimbo ku chipangizo choimbira), T ndi mtundu wa khadi. T1 ndi Sound Blaster yoyambirira, T3 ndi 2.0, T2 ndi Pro, T4 ndi Pro 2, T6 ndi Sound Blaster 16 ndi Sound Blaster AWE32. Onani kuti 2 ndi 3 sizikutsata ndondomeko ya mayina. Ambiri amaphonya pamenepa. Pa Pro 2 mulibe H kapena P, mzere umangokhala SET BLASTER=A220 I5 D1 T4. Pa AWE32 mumawonjezera E620. Musasiye mpata pakati pa BLASTER ndi chizindikiro cha =, DOS imautenga mpatawo ngati mbali ya dzina.

Apa mvetserani bwino. Pa khadi la majampa, mzerewu susintha kanthu. Ndi chikwangwani chabe chouza magemu komwe khadi lili. Jampa ikakhala pa IRQ 7 inu n'kulemba I5, mwanamiza gemu: itumiza phokoso loyamba, n'kudikira belu lomwe silidzalira, ndiye kuuma kuja. Pokhapokha pa makhadi osinthidwa ndi pulogalamu ndi pomwe mzerewu umalamula, ndipo pamenepo uyenera kukhala pamwamba pa mzere woitana pulogalamuyo. Pa CT2230, mwachitsanzo, pansi pake pamabwera SET SOUND=C:\SB16, kenako C:\SB16\DIAGNOSE /S, kenako C:\SB16\MIXERSET /P /Q. Sungani, yatsaninso kompyuta, lembani SET kuti muone ngati mzere wa BLASTER waoneka momwe munaulembera.

Musanayambe kutukwana khadi, onani mawaya. Pali dzenje la Line Out ndi la Speaker Out. Masipika okhala ndi magetsi awoawo alowe pa Line Out. Speaker Out ili ndi amplifier yakeyake, ndipo mukaphatikiza ziwiri mawu amasweka. Ine ndinatha usiku wathunthu ndikusuntha majampa a CT1600, kuzimitsa ndi kuyatsa mpaka nkhuku zinalira, ndisanaone kagudumu kakang'ono ka voliyumu kumbuyo kwa khadi. Wogulitsa anali atakatembenuza mpaka pansi. Ndinangokasuntha ndi chala chachikulu, nyimbo yonse psuu. Pa Sound Blaster 16 tsegulaninso MIXERSET muone Master, Voice ndi MIDI. Nyimbo za FM zimadutsa pa MIDI. Zimitsani Mic ndi Line In ngati simukuzigwiritsa ntchito, phokoso lichepa. Magemu ena nyimbo zawo zili pa CD monga nyimbo wamba, ndipo zimenezo sizimveka popanda kawaya kakang'ono kochoka ku CD-ROM kupita pa khadi.

Kuuza gemu

Mu foda ya gemu sakani SETUP.EXE, INSTALL.EXE kapena SETSOUND.EXE. Doom ya 1993 ndi chitsanzo chabwino, chifukwa SETUP yake imafunsa mafunso awiri osiyana: khadi la nyimbo, ndi khadi la sound effects. Pa nyimbo sankhani Sound Blaster kapena AdLib. Pa sound effects sankhani Sound Blaster, n'kuika 220, IRQ ndi DMA zomwe munaika pa khadi. Pomwe gemu ili ndi autodetect, ine ndimaipewa. Kulemba nokha kumatenga masekondi ochepa ndipo sikuumitsa kompyuta. Magemu ena alibe setup, mumawauza poyambitsa. The Secret of Monkey Island ya 1990 imamva MONKEY A ngati AdLib, MONKEY R ngati Roland.

Gemu ikakhala ilibe dzina la khadi lanu, bwererani m'mbuyo: Sound Blaster 16, ikasowa Sound Blaster wamba, ikasowa AdLib. Dziwani kuti Sound Blaster 16 siisewera stereo ya mawu ojambulidwa ya Sound Blaster Pro, imatulutsa mono. Kompyuta ikamauma pa magemu a mawu a 16-bit okha, yesani H7 m'malo mwa H5 mu mzere wa BLASTER.

Za Roland

Oimba ambiri a magemu ankapeka nyimbo zawo pa zipangizo za Roland, za FM zinali zotsatira. Roland MT-32 ya 1987 ndi bokosi lapadera loimba nyimbo, ndipo King's Quest IV ya Sierra mu 1988 inali m'gulu la magemu oyamba kuigwiritsa ntchito. Roland SC-55 ya 1991 ndi ya General MIDI, ndandanda ya zida zoimbira yomwe makampani anagwirizana, yoyenera magemu ngati Doom. Ziwirizi sizisinthana: ndandanda ya zida zoimbira ndi yosiyana, ndiye mukasankha General MIDI pomwe mwalumikiza MT-32, pomwe pamayenera kulira chitoliro palira china.

Bokosi limalumikizidwa pa doko la joystick la mapini 15 kudzera pa waya wa MIDI, MIDI Out ya kompyuta kupita ku MIDI In ya bokosi. Mawu amatuluka m'bokosimo, choncho muwabwezere pa Line In ya khadi kapena pa mixer. Mu gemu sankhani Roland kapena General MIDI pa adiresi 330. Misampha ndi iwiri. Magemu ambiri akale a MT-32 amafuna MPU-401, cholumikizira MIDI cha Roland, m'kachitidwe kake kathunthu kotchedwa intelligent mode, pomwe Sound Blaster 16 imadziwa kachitidwe kosavuta kokha kotchedwa UART mode. Pulogalamu ya SoftMPU imatseka mpata umenewu, koma imafuna EMM386 kapena QEMM, mapulogalamu oyendetsa memory pa DOS. Wachiwiri ndi wa ma Sound Blaster 16 okhala ndi DSP (chip yoyendetsa mawu pa khadi) ya nambala 4.11, 4.12 ndi 4.13: MIDI ndi sound effects zikamalira pamodzi, noti ina imakakamira osaleka. DSP 4.05 ilibe matendawa. Ngati lanu lili nawo, njira yodalirika ndi kuika khadi lachiwiri loti lizingotumiza MIDI, n'kuzimitsa ya pa loyambalo.

Kompyuta ikathamanga mopitirira

Zonse zikhoza kugwirizana koma nyimbo n'kumamveka zosokonekera, kapena gemu n'kunena kuti khadi silikupezeka. Pa Pentium II kapena III chifukwa chake nthawi zambiri ndi liwiro. OPL2 imafuna kupuma pang'ono pakati pa malamulo, ndipo magemu akale ankawerengera kupumako potengera mapurosesa a nthawi yawo. Magemu ena a Sierra amakana ndi uthenga woti Unable to initialize your audio hardware. Olembedwa ndi Turbo Pascal, monga Jazz Jackrabbit ya 1994, amagwa ndi Runtime error 200 pa mapurosesa opitirira pafupifupi 200 MHz. Lowani mu BIOS muzimitse Internal Cache, memory yachangu ya mkati mwa purosesa, kompyuta itsika kufika pa liwiro la 386 kapena 486, kapena gwiritsani ntchito SETMUL yomwe imachita zomwezo muli pa DOS. Ngati kutsogolo kwa kompyuta kuli batani la Turbo, yambani mwayesa limenelo. Mukamaliza gemuyo bwezerani cache, apo ayi Doom iziyenda ngati nkhono.