Lole ikumwa madzi: musathamangire kumasula hedi

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika kuno kum'mawa kwa Zambia, malole sapuma. Ma Canter, ma Dyna ndi ma Fuso amakhalira kututa chimanga kupita ku madepoti a FRA, bungwe la boma logula chimanga, kapena soya ndi mtedza kuchokera ku Chadiza, Vubwi ndi Lundazi kubwera nazo ku Chipata. Asanapume n'komwe, dzuwa la Okutobala lafika, katundu wa fetereza wayamba. Apa mpamene dandaulo la "lole yanga ikumwa madzi" limachuluka, ndipo yankho limene eni ake amapatsidwa msanga pansi pa mtengo ndi lakuti gasiketi yapsa, timasule hedi.

Inu eni malole ndi madalaivala, hedi, chitsulo chovindikira masilinda pamwamba pa injini, ndiyo ikhale yomaliza kumasulidwa. Ntchito imeneyi imadya ndalama: gasiketi yatsopano, oyilo, fyuluta, kupalitsa hedi ku makina, malipiro a makanika, kuphatikiza masiku amene lole yakhala pagalaja anzanu akunyamula katundu amene akanakhala wanu. Chonsecho nthawi zambiri madzi amathawira pa zinthu zotsika mtengo.

Poyamba dziwani kuchuluka kwa madzi amene akutayika. M'mawa injini ili yozizira, lole itaima pamalo osatsetsereka, dzazani rediyeta, lembani kamzere pa kabotolo ka madzi ka pambali, mulembenso makilomita. Mawa lake muonenso injini isanalizidwe. Madzi amafufuma akatentha, choncho kuyerekeza za masana ndi za m'mawa kumanamiza.

Kenaka gwirani chivindikiro cha rediyeta, chimene ambiri sachiwerengera. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Nambala yolembedwa pa chivindikiro, 0.9 kapena 1.1, ndi mphamvu imene chimapanikizira madzi kuti asawire mpaka chakumadigiri 120. Sipuling'i yake ikafooka kapena labala ikang'aluka, lole yodzaza matumba ikamakwera mapiri a ku Manenekela madzi amawira n'kuthawa ngati nthunzi kudzera pa kapaipi ka pambali. Pansi simudzapezapo dontho, ndipo mudzalumbira kuti madzi akulowa mu injini. Amene amamanga pulasitiki ndi mphira pakamwa pa rediyeta m'malo mwa chivindikiro, vuto analiitana okha.

Usiku yalani katoni pansi pa injini. M'mawa pendeketsani kabu, tengani tochi, mufufuze mizere youma yoyera, yobiriwira kapena yofiirira imene madzi amasiya akauma pa chitsulo chotentha. Onani pa makilampu onse, ndipo pisani dzanja kunsi kwa mahosi kumene maso safika. Wota pampu ili ndi kabowo pansi pake. Pakakhala chinyontho kapena mzere wa dzimbiri, silo yake yatha. Onani pamene thanki ya pulasitiki yalumikizana ndi rediyeta, ndi tizitseko tozungulira ta m'mbali mwa buloko (thupi la injini) timene timabooka ndi dzimbiri. Mu kabu, vundukulani mati: pansi pakakhala ponyowa ndipo galasi likuchita nthunzi mkati, ndi karediyeta ka hita. Makanika amene ali ndi pampu yopopera mpweya mu rediyeta angakuonetseni zonsezi m'mphindi 15, chifukwa amapanikiza madzi injini ili yozizira, dontho n'kuoneka lisanaume.

Kunja kukakhala kouma, tsopano tikhoza kukayikira mkati. Gasiketi imakhala pakati pa hedi ndi buloko, kulekanitsa njira zitatu: moto wa m'silinda, madzi ndi oyilo. Zizindikiro zimatengera pamene yabooka, ndiye chifukwa chake gasiketi ikhoza kupsa oyilo ali bwinobwino.

Ikabooka pakati pa silinda ndi njira ya madzi, utsi umalowa m'madzi. Injini ili yozizira, chotsani chivindikiro, dzazani madzi mpaka pakamwa, lizani. Tithovu tiwiri titatu toyambirira si kanthu, ndi mpweya wotsalira. Koma thovu likamatuluka mosalekeza, n'kuchuluka mukaponda mafuta, kapena madzi akamalumpha injini isanafunde n'komwe, pamenepo pali nkhani. Njira ina ndi kubwezera chivindikiro, kuliza, n'kufinya hosi yapamwamba. Ikalimba gwa m'mphindi ziwiri zoyamba madzi adakali ozizira, chikuipopa si kutentha.

Madzi nawonso amalowa m'silinda. Mudzaona utsi woyera wokhuthala ku ekizozi umene sutha ngakhale injini yatentha, ndipo ngati munathira kulanti, mankhwala osakaniza m'madzi a rediyeta, umanunkhira motsekemera. Musausokoneze ndi nthunzi ya m'mawa wa Juni ndi Julayi imene imatha yokha, kapena utsi woyera wa dizilo wosapsa bwino umene umalasa m'maso. Choopsa kwambiri ndi ichi: lole yagona usiku, m'mawa sitata ikugunda kamodzi n'kuima ngati batire lafooka. Musaikankhe, musaikoke ndi thirakitala. Madzi sapanikizika, ndipo pisitoni ikawagunda mkono wake umapindika. Chotsani ma hita pulagi kapena ma injekita, muzungulitse injini, muone silinda imene ilavule madzi.

Ikabooka chakunjira ya oyilo, dipusitiki imaonetsa oyilo wochuluka kuposa amene munathira, wamtundu wa tiyi wamkaka. Injini yotere isalizidwenso, mabering'i sachedwa kudyeka. Koma kaphala koyera ka pansi pa chivindikiro cha oyilo pokha, dipusitiki ili yakuda bwino, kamapezeka pa lole yoyenda timaulendo tifupitifupi, monga kuchoka ku Kapata kukatula m'tauni momwemo, injini osatentha mokwanira.

Apa mpamene ambiri amataya ndalama, chifukwa pali zinthu zina zimene zimanamizira gasiketi. Oyilo woyandama mu rediyeta ya injini ya dizilo kawirikawiri amachokera mu oyilo kula (chozizitsira oyilo) yobooka. Pa malole aakulu a mabuleki a mpweya, kompresa yozizitsidwa ndi madzi ikhoza kupopera mpweya mu rediyeta n'kupanga thovu lomwe lija. Pa malole atsopano a EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini, kula yake yozizitsira utsiwo ikang'aluka madzi amapsera mu ekizozi, utsi woyera uli tolotolo, gasiketi ilibe mlandu. Ndiye funsani makanika ngati ali ndi mankhwala abuluu oyezera utsi pakamwa pa rediyeta. Utsi wa injini ukadutsamo amasintha mtundu, pa dizilo amapita chakubiriwira, pa petulo chikasu. Pa dizilo kabowo kakang'ono nthawi zina sikaoneka, choncho ayezenso kompresheni ya silinda iliyonse. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yaduka pakati pawo.

Lole ikawira muli pa msewu, imani, dikirani izizire, ndipo musatsegule chivindikiro muli chiweramire. Madzi ozizira a mumtsinje pa hedi yotentha ndiwo amaing'alula. Geji ya kutentha ikakwera kenaka n'kutsika yokha, musasangalale. Mwina madzi atheratu ndipo sensa ikuyeza mpweya. Za dzira laliwisi, fodya kapena ufa mu rediyeta ndimazimva, koma zimatseka timapaipi ta rediyeta yomweyo, ndipo moto wa m'silinda sizingauletse.

Zikatsimikizika kuti ndi gasiketi, musalole kuti angoichotsa n'kuika ina tsiku lomwelo. Hedi ipite ku makina akaiyeze ngati yapindika kapena yang'aluka, ndipo pamwamba pa buloko payezedwenso. Pa injini zambiri za dizilo gasiketi zimasiyana makulidwe, choncho tengani yakaleyo popita kukagula. Mabauti amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, motsatira ndondomeko ya m'buku la injiniyo, osati ndi chipaipi pa sipanala. Oyilo ndi fyuluta zisinthidwe. Ndipo funsani chimene chinaipsereza, pakuti gasiketi kawirikawiri imapsa chifukwa injini inayamba yawira: lamba wa fani wolefuka, fani yosagwira, rediyeta yodzaza thonje ndi mankhusu a chimanga kutsogolo kwake, katundu wopyola muyezo pa giya yolakwika, kapena themositati, kachitseko kotsegulira madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha, yomata. Themositati yowonongeka isinthidwe, isatayidwe monga amachitira ena, chifukwa popanda iyo injini imayenda yozizira mopyola, n'kumadya dizilo ndi kutha msanga.

Pomaliza kumanga, musathire madzi a pa mjigo okha. Ambiri ali ndi mchere umene umamata mkati mwa rediyeta, ndipo madzi opanda kulanti amadyetsa buloko ndi wota pampu dzimbiri. Sakanizani kulanti ndi madzi a batire opanda mchere (osati asidi) monga mwalembedwera pa botolo, nthawi zambiri theka ndi theka. Kulanti yakale musaitaye pabwalo kapena kuisiya m'beseni. Ndi yotsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu ndi mbuzi. Sabata yoyamba pitirizani kuona kamzere ka pa kabotolo m'mawa uliwonse musanayambe ulendo wa Lusaka ndi katundu wodzaza.