Kakonzedwe ka Msuzi Woviikamo Nyama ndi Nsomba Zowotcha Monga Amachitira ku Thailand

Msuzi umene anthu a ku Thailand amaviikamo nkhuku, nkhumba kapena nsomba asanaziwotche umayambira mu kamtondo. Amasinja pamodzi adyo, tsabola woyera wanjere ndi mizu ya coriander, chomera chimene ku South Africa ambiri amachitcha dhania. Ku Britain masitolo akuluakulu amagulitsa coriander atadula kale mizu, choncho gwiritsani ntchito mapesi ake a m'munsi, kapena pitani ku masitolo a zakudya za ku Asia monga Wing Yip ku Birmingham, Manchester ndi Croydon. Amene ali ku Johannesburg apeza zambiri mwa zinthuzi ku Cyrildene.

Pa kilogalamu imodzi ya nkhuku, sinjani timagawo 6 ta adyo, mizu 4 ya coriander, supuni yaing'ono ya tsabola woyera ndi mapesi 2 a lemongrass, koma mutenge mbali yofewa ya m'munsi yokha ndipo muiduledule kaye. Zikalala, thiranimo masupuni aakulu 3 a fish sauce, 2 a oyster sauce (msuzi wopangidwa kuchokera ku nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster) ndi imodzi ya shuga wa mgwalangwa kapena shuga wabulawuni. Mchere musawonjezere, chifukwa fish sauce amapangidwa posunga tinsomba ta m'nyanja mu mchere wambiri kwa miyezi yochuluka. Mukatsegula botolo fungo lake limakumbutsa usipa wouma, ndipo ena amagwa nalo mphwayi, koma likakumana ndi moto limazilala n'kusiya kukoma kumene mchere wamba sungabweretse. Ngati ndi nkhumba yotunga pa timitengo, ija amati moo ping, onjezerani mkaka wa kokonati pang'ono.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa mandimu. Ife tinazolowera kufinyira ndimu pa nyama isanapite pamoto, koma madzi a ndimu akakhalitsa pa nsomba kapena prawns amasintha mnofu wake kukhala woyera ndi wouma ngati wapsa kale, ndiye ukafika pamoto umangonyenyeka kapena kulimba. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga mandimu kuti akalowe mu msuzi wapambali wosunsa pakudya, wosakaniza ndi tsabola wobiriwira, adyo, fish sauce ndi shuga. Kambuzi amagwira bwino ntchitoyi kwa amene ali naye. Pa nyama, anthu a chigawo cha Isan, kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, amakonda msuzi wa jaew, wa bwemba, tsabola wouma ndi mpunga wosaphika umene amaukazinga mpaka utafiira kenako n'kuusinja.

Nthawi yoviika imasiyana kwambiri. Nkhuku ndi nkhumba zikhale mu firiji maola osachepera 4, kapena usiku wonse, pamene nsomba ndi prawns zimakwanira ndi mphindi 15 mpaka 30 basi.

Popeza msuziwu uli ndi shuga, moto waukali umadetsa khungu mkati musanapse. Dikirani makala achite phulusa loyera pamwamba, ndipo muzitembenuza nyamayo pafupipafupi mpaka mkati mwa nkhuku mufike madigiri 75 Celsius. Okhala m'mafulati agwiritse ntchito uvuni, chifukwa makala oyaka m'nyumba amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Msuzi umene munali nyama yaiwisi uwiritseni kaye musanaupake pa nyama yakupsa, ndipo ngati pali alendo, afunseni ngati pali amene zakudya za m'nyanja zimamuwenga.