Mmene Mungatetezere Zolembedwa Zakale za pa Chikopa ku Chuku ndi Mabakiteriya

Buku lolembedwa pamanja pa chikopa limatha kukhala zaka zoposa 1,000 lili bwinobwino, koma chinyontho cha miyezi yochepa chingalisandutse chakudya cha tizilombo. Chifukwa chake chagona pa kapangidwe kake. Chikopa cha mwana wa ng'ombe, cha nkhosa kapena cha mbuzi ankachiviika m'madzi a laimu, kuchipala ubweya ndi kuchikunga kuti chiume chili chotambasuka, koma sankachifufuta monga amachitira ndi zikopa za nsapato. Motero chimayamwa madzi a mumpweya mosavuta, ndipo chikanyowa, chuku ndi mabakiteriya zimayamba kudya kolajeni, puloteni imene imachilimbitsa.

Choyamba, yang'anani ndi kununkhiza musanachikhudze. Chuku chamoyo, chomwe kawirikawiri chimakhala cha mitundu ya Aspergillus ndi Penicillium, chimaoneka ngati tiubweya tofewa toyera, tobiriwira kapena takuda, ndipo chimamveka fungo la chinyezi, pomwe chouma chimangokhala ngati ufa. Mukachipeza, valani magolovesi ndi masiki ya N95, pakuti fumbi la chuku limavutitsa mapapo, kenako patulani bukulo, muliike m'bokosi lakelake kutali ndi anzake. Musalitsekere m'pulasitiki kwa nthawi yaitali ngati lili lachinyontho, chifukwa mmenemo ndi mmene chuku chimasangalala.

Ntchito yeniyeni, imene ambiri amaidumpha pothamangira mankhwala, ndi kuumitsa mpweya wa m'chipinda. Chuku chimakula chinyontho chikapitirira 65 peresenti, choncho yesetsani kuti chikhale pafupi ndi 50 peresenti, ndipo kutentha kusapitirire madigiri 20. Ikani kachipangizo koyezera chinyontho ndipo muziwerenga tsiku ndi tsiku, fufuzani denga lodontha kapena khoma lonyowa, ndipo mpweya uziyenda. Koma umitsani pang'onopang'ono. Chikopa chikauma mwadzidzidzi chimakwinyika ndi kupindika, inki ndi utoto n'kuyamba kusuwuka, ndipo chikopa chonyowa chikakumana ndi kutentha chimafota, n'kuuma gwa ngati guluu, zomwe palibe katswiri angazibweze. Pa chifukwa chimenechi, musachiyanike padzuwa, musachiike pafupi ndi moto, ndipo simbi isachiyandikire ngakhale pang'ono.

Chuku chikauma ndi pamene chimachotsedwa, ndi burashi yofewa kwambiri, mukusesera fumbilo kukamwa kwa makina okoka fumbi okhala ndi sefa ya HEPA, imene imagwira ngakhale tifumbi tating'ono kwambiri, koma makinawo asakhudze tsamba. Pamene pali zilembo zogwedera kapena zithunzi zopaka utoto, imani pomwepo. Madzi, sopo ndi jiki n'zoletsedwa. Akatswiri nthawi zina amagwiritsa ntchito ethanol, mtundu wa sipiriti, wa 70 peresenti, koma amayamba ayesa kaye ngati inkiyo singasungunuke, ndipo ine ndikuona kuti ntchito imeneyo iyenera kusiyidwa m'manja mwawo. N'chimodzimodzinso buku likanyoweratu ndi madzi osefukira, monga zinachitikira ku Florence, mzinda wa ku Italy, mu 1966 mtsinje wa Arno utadzaza nyumba zosungiramo mabuku: chuku chingayambe pasanathe masiku awiri, choncho itanani katswiri tsiku lomwelo.

Madontho a mtundu wa pepo amene amapezeka pa zikopa zambiri zakale amafuna mtima wodekha. Ofufuza a ku yunivesite ya Tor Vergata ku Rome, atapima mpukutu wa mamita asanu wa m'chaka cha 1244 wosungidwa ku Vatican, anafotokoza mu 2017 kuti madonthowa anayamba ndi tizilombo tokonda mchere, tomwe tinalowa pamene chikopa chaiwisi chinkathiridwa mchere kuti chisawole, ndipo pambuyo pake mabakiteriya ena anabwera n'kupitiriza kudya kolajeni. Izi zikutanthauza kuti pamene pali dontho lotere chikopa ndi chofooka kale, ndipo kupala kapena kupukuta kungaboole tsambalo pamodzi ndi mawu ake. Lisiyeni dontholo mmene lilili, mulijambule chithunzi ndi kulemba tsiku, kuti pakatha miyezi itatu mudzathe kuona ngati lakula. Bukulo muligoneke chafulati m'bokosi la katoni yopanda asidi, pashelefu yotalikirana ndi pansi ndiponso khoma lakunja.