Mmene mungayendere kamyuziyamu ka zinthu zamakolo osabwerako chimanjamanja

Choyamba imbani foni musananyamuke. Timamyuziyamu tosunga zaluso ndi ziwiya zakale nthawi zambiri timayendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, ena ongodzipereka osalipidwa nkomwe, nde akadwala kapena akachokapo chitseko chimakhala chokhoma olo pa Facebook palembedwe kuti amatsegula tsiku lililonse. Lolemba ndiye samalani, mamyuziyamu ambiri amapuma tsiku limeneli. Funsaninso ngati kuli tsiku lomwe amisiri amabwera kudzaonetsa ntchito, kaya oumba, oluka kapena osula, chifukwa mvukuto wongokolekedwa pakhoma sungakuuzeni zambiri ngati mmene mungaonere munthu akuvukuta mpaka chitsulo kufiira. Ndalama tengani ya mmanja, zamakhadi musadalire.

Mukafika musathamangire zolemba zapakhoma, yambani mwacheza ndi amene wakutsegulirani. Anthu ambiri amalowa, kuzungulira kamodzi, kujambula, nkutuluka akuti munalibe kanthu mmenemo koma miphika yosweka. Koma dziwani kuti malo ang'onoang'ono alibe ndalama yolembera mbiri ya chinthu chilichonse, kapepala kamangoti "mtondo" basi, zina zonse zili mmutu mwa woyang'anirayo. Mufunseni kuti ichi anabwera nacho ndani, ankachigwiritsa ntchito ndani, nanga anasiyiranji. Funso lomalizali ndi lomwe limamasula lilime, mumva mmene pulasitiki anathamangitsira mtsuko, mmene chigayo chinalandira ntchito ya mphero, mwinanso akutsegulirani kachipinda kakuseri komwe kuli katundu wosaonetsedwa, paja zimene mumaona pashelefu ndi gawo chabe la zomwe amasunga.

Kenako sankhani zinthu zochepa, zitatu kaya zinayi, muime pamenepo ndithu. Yang'anani pomwe chinthucho chinadyeka. Mpini umasalala ndi kuonda pamene dzanja linkagwira, mphero imakumbika pakati, khasu lonoledwa zaka zambiri limafupika mpaka kutsala kachidutswa. Mphika suzumirani mkati. Woumbidwa ndi manja sufanana makulidwe, pena pochindikala pena popyapyala, ndipo nthawi zina zala za woumbayo zimaonekabe, pomwe woumbidwa pa gudumu lozungulira umakhala ndi timizere tofanana tozungulira mkati monse. Mawanga akuda m'mbali kawirikawiri amabwera pootcha, pamene nkhuni zinakhudza dongo, koma mwaye wakunsi ukutanthauza kuti mphikawo unakhaladi pamoto ukuphika. Dengu yambani kuliona pansi chifukwa woluka amayambira pamenepo, kenako mkombero, womwe umayamba kutha.

Ine zimene zimandikoka kwambiri ndi zigamba. Mbale yamtengo yong'aluka nkuisoka ndi waya, nsalu yophatikidwa kansalu kamtundu wina, zimenezi zimaonetsa kuti mwiniwake analibe china cholowa mmalo kapena ankachikonda zedi. Chinthu chokongola chopanda chilema chilichonse muzichikayikirako pang'ono, mwina chinapangidwira kugulitsa kwa alendo, funsani.

Mukaona tinambala tolembedwa pansi kapena pakona, ngati 1987.12.3, si mtengo ayi. M'mamyuziyamu ambiri nambala yoyamba ndi chaka chomwe chinthucho chinalandiridwa, yachiwiri ndi gulu la katundu amene anabwera limodzi chaka chimenecho, yachitatu ndi chinthucho pagululo. Ndiye 1987 yo si chaka chomwe chinapangidwa, chikhoza kukhala chakale kwambiri kuposa pamenepo.

Zogwiragwira ayi, pokhapokha akuuzani okha. Thukuta lili ndi mchere ndi mafuta, chitsulo chimachita dzimbiri, nsalu ndi mtengo zimathimbirira. Chipinda cha nsalu mukachipeza chamdima musamati akuumira magetsi, kuwala kumasulutsa utoto ndipo ukasuluka subwereranso, nchifukwa chake malo ambiri amaletsanso fulashi. Chakudya siyani panja, nyenyeswa zimaitana mbewa ndi tizilombo tofumbula mitengo ndi madengu. Chikwama chakumsana vulani musanalowe, mutipinda tothinana timeneti mukangotembenuka mwagwetsa mbiya. Mmisiri amene akugwira ntchito mpempheni kaye musanamujambule.

Ngati panja pali nyumba zakale zomangidwanso, lowani, musangosuzumira pakhomo. Nzeru yosamutsa nyumba zathunthu nkuziika malo amodzi inatchuka ndi Skansen, myuziyamu ya panja ya ku Stockholm m'dziko la Sweden, yomwe Artur Hazelius anatsegula mu 1891, ndipo cholinga chinali choti munthu aone moyo wonse pamodzi osati chiwiya chili chokha mugalasi. Nde mukalowa fufuzani pomwe pankakhala moto, onani utsi unkatulukira kuti, madzi ankasungidwa pati, anthu ankagona mbali iti, muwerame pachitseko chachifupicho mumve mmene msana unkavutikira.

Ana musawapatse phunziro lalitali atopa msanga. Bisani kapepala ndi dzanja muwauze alote kuti chinthucho ndi cha ntchito yanji, nanunso mulote nawo, mudabwa kuti akulu amaphonya kuposa ana.

Potuluka sainani buku la alendo, si mwambo chabe, manambala amenewo ndi omwe amaonetsa akamapempha thandizo la ndalama. Ngati pali zogulitsa za amisiri gulani kanthu kamodzi osanenerera mpaka kumufinya munthu, mwaona kale nthawi yomwe dengu limadya. Pa 18 May chaka chilichonse ndi tsiku la mamyuziyamu padziko lonse, linayamba mu 1977, malo ena amakonza zionetsero kapena kulowetsa ulere, bola kufunsiratu. Ndipo ngati kunyumba kuli chiwiya cha agogo chomwe mukuganiza zokapereka, musangochinyamula, ajambulireni chithunzi kaye oyang'anira myuziyamuwo aone ngati ali ndi malo, musachitsuke kapena kuchipaka vanishi, ndipo lembani papepala dzina la mwiniwake, kumene ankakhala ndi ntchito yomwe chinkagwira.